Mazira Atatu a Pasiteji

Wometa wa pakona paja, amene ana amamutcha Lumo, adavutika zaka zisanu ndi nthenda ya mamba pakhungu. Zigongono ndi mikono zinali mbuu, ngati wagwera mu ufa. Siyopatsirana, koma ukauza ndani? Makasitomala ankangosuzumira pakhomo n'kubwerera, ati aiwala foni.

Kuchipatala adamuika pa chithandizo cha kuwala. Umamwa mapiritsi, pakatha maola awiri n'kulowa m'kabokosi ka nyale utavula, magalasi akuda kumaso. Anesi adanenetsa: "Bambo, muzidya chopepuka, chomwechomwecho ulendo uliwonse. Zamafuta zimachedwetsa mankhwala kulowa m'magazi."

Mkazi wake adazigwira ngati chigamulo cha khoti: tiyi, buledi magawo awiri, basi. Lumo ankathokoza mwaulemu, n'kumwa mapiritsi, n'kutuluka. Akafika pasiteji ya basi, mwendo unkakhota wokha kwa mayi wokazinga. Mazira atatu, soseji, tchipisi zosambira m'mafuta. Kukamwa ankapukuta kawiri.

"Mwadya chiyani lero?" ankatero anesi.

"Tiyi ndi buledi."

Khungu silinkasintha, ndiye anesi ankangowonjezera mphindi za nyale.

Tsiku lina mayi wokazinga sadabwere. Lumo adalowa m'kabokosi muja ndi tiyi ndi buledi zokha m'mimba, koyamba kunena zoona. Mankhwala adalowa onse, mphindi nazo zili zambiri. Patapita masiku awiri adali atapsa ngati soseji yomweyo, malaya osavalika.

Adabwerera kuchipatala ndi mkazi wake. Anesi adatembenuza khadi uku ndi uku.

"Mayi, munasintha chakudya?"

"Ine? Buledi ndimachita kuyeza ndi chala!"

Misozi idalengeza m'maso mwa mkazi wakeyo. Apo Lumo adayang'ana nsapato zake n'kuulula.

"Anesi, asiyeni awa. Pali mazira."

"Angati?"

"Atatu. Ndi anzake."

"Bambo a ana!" adatero mkazi wake. "Miyezi iwiri ine kumakumverani chisoni kuti mukufa ndi njala. Kani mafuta a pachibwano aja sanali ometera?"

Anesi adaseka mobisa kuseri kwa khadi. Adati zilonda zikapola ayambirenso mphindi za nyale pansi penipeni.

Masiku ano mkazi wake amamuperekeza mpaka kukwera basi. Mayi wokazinga, posadziwa kanthu, amakuwa: "Atatu aja, bambo?" Lumo amangowerama n'kumamanga chingwe cha nsapato chomangamanga kale. Koma zigongono zayamba kusalala, ndipo dzulo adameta anthu asanu ndi mmodzi malaya atapinda.