Nambala imene ndinakweza pa kompyuta ya achimwene

Fungo la fumbi lotentha limandibwezera ku Ntaja, m'kachipinda kam'mbali mwa msika momwe achimwene anga a Saidi ankataipira anthu makalata. Linkachokera kumbuyo kwa kompyuta yawo yakale, n'kusakanikirana ndi fungo la mango osapsa amene amayi ankatiwiritsira chaka cha njala chija. Ndinali wa zaka khumi ndi ziwiri, sukulu nditasiya, ndipo ntchito yanga inali kusesa ndi kulondera pakhomo.

Kompyutayo inali yochedwa kwambiri. Achimwene anali ataphunzira kwa mnzawo wa ku Balaka njira yoifulumizitsa. Ikamayaka ankadina batani lina, pankabwera sikirini yabuluu, ndipo pamenepo panali nambala ya liwiro la memole, kachipangizo kokumbukira ka m'kompyutamo. Anaikweza pang'ono chabe n'kuisiya. Nditafunsa chifukwa chake sakuikweza mpaka kumapeto, anati memole ili ngati wakabaza: ukamuthamangitsa kupitirira mphamvu zake sagwa pomwepo, amayamba wadzandira, kenako amataya katundu panjira.

Lachisanu lina kunabwera Che Bwanali, mlembi wa komiti yakumudzi kwathu, atanyamula mapepala a mayina a mabanja oti alandire chimanga. Ogawa chakudya anali atanena kuti akufuna mndandanda wotaipa, ndipo galimoto yawo inyamuka masana omwewo. Dzina la amayi athu linali momwemo. Achimwene anataipa m'mawa wonse, n'kundiuza kuti mango tidya ntchito ikatha. Mwazini ataitana, anasunga zimene analemba, iwo ndi Che Bwanali n'kupita kumzikiti.

Ndinatsala ndekha atandisiyira kiyi, m'mimba mukulira, kapoto ka mango kali pansi pa tebulo. Ndinkafuna ntchito ithe msanga. Kuwerenga mawu kunkandivuta, koma manambala ndinkawadziwa. Ndinazimitsa kompyuta, n'kuiyatsanso, ndinadina batani lija, ndipo nambala ndinaikweza mpaka pomwe inakana kukwera. Inayaka bwinobwino. Ndinakhala pabenchi ndikudziona wanzeru.

Atabwerako, achimwene anapitiriza. Atatsala ndi tsamba limodzi, sikirini inangouma. Anayatsanso, inazima yokha. Kachitatu inayaka, koma mndandanda utatseguka munali timabokosi ndi zilembo zosadziwika. Fani ya kompyuta inkalira, malata akuthetheka ndi dzuwa, Che Bwanali akupukuta thukuta ndi kofia yawo. Achimwene analowa pa sikirini yabuluu ija, anayang'ana kwa kanthawi, anadina kangapo, kompyuta n'kukhazikika. Koma mayina anali atapita, ndipo nthawi yoyambiranso panalibe.

"Mwatipha, Saidi," anatero Che Bwanali motsitsa mawu. "Ndikawauza chiyani anthu?"

"Mukawauze kuti ndalakwa ndine. Ndinaithamangitsa kwambiri."

Che Bwanali anathamanga ndi mapepala olemba pamanja aja, koma ogawa chakudya anawabweza. Mudzi wathu unadikira mwezi wina. Mwezi umenewo tinadya madeya, ndipo amayi anagulitsa chitseko cha nyumba. Kuchitsime azimayi ankatchula dzina la achimwene akulavula malovu, ine ndikutunga madzi, maso pansi. Anthu anayamba kukataipitsa kwina. Tsiku lija mango ndinadya, achimwene atandikankhira kapoto konse, ati iwo sakumva njala.

Achimwene tinawaika m'manda dzinja lathali. Zaka zonsezi sindinawauze, ndipo iwo sanandifunse. Ndili mwana ndinkaganiza kuti ndapulumuka chifukwa panalibe wondiona, kutinso makina salankhula. Patapita masiku maliro atatha, ndikupinda malaya awo, m'pamene ndinakumbukira mmene anayang'anira sikirini yabuluu ija osatembenuka. Nambala inali pamaso pawo, si imene anaisiya, ndipo kiyi ya chipindacho anasiyira munthu mmodzi yekha.