Dima la Mayi Lucinda

Mayi Lucinda akhala akugwira ntchito pachipatala china chaching'ono cha ku Mualadzi kwa zaka khumi ndi zisanu. Si namwino ayi. Ndi aja okolopa ndi kuchapa nsalu za odwala, amene dzina lawo limakumbukika wina akasanza. Sankadandaula. Kutopa kwa mlungu wonse ankakakusiya kumunda Loweruka: khasu likangolowa m'dothi, mutu unkapepuka.

Kenaka kunabwera korona. Kumayambiriro kwa 2021 odwala anachuluka, foliga yawo, tsiku lopuma la Loweruka lija, inathetsedwa, mayiwa n'kutha milungu isanu osaponda kumunda. Tsiku lina anangozindikira ataima pakhonde ndi ndowa m'manja, misozi ili chuchuchu, osadziwa chowaliritsa. Kumundako udzu unali utameza chimanga. Ukanapitanso mlungu umodzi, chakudya cha chaka chonse chikanathera m'thengo.

A shefi awo, a Alfredo, bwana wa pachipatalapo, munthu wa mumzinda wa Tete koma wamtima wabwino, anawapatsa Loweruka limodzi pamodzi ndi malangizo.

"Mukagone, mayi. Muzikapuma mpweya pang'onopang'ono, n'kumawerenga mpaka khumi."

"Bambo, ine ndikagona ndimawerenga anthu amene ndawafunditsa nsalu kumaso," anatero Mayi Lucinda. "Ndisiyeni ndikapalire."

Udzu wotere munthu mmodzi sangauthe. Choncho anaitana dima monga amachitira aliyense: mwini munda amaphika thobwa, anzake n'kubwera ndi makasu. Amayi anzawo a kutchalitchi anavomera onse, woyamba Beatriz wa nyumba yoyandikana nayo.

Loweruka dzuwa linakwera, kumunda osaoneka ngakhale galu. Mphekesera inali itayenda kale yakuti thobwa la Lucinda lili ndi korona. Anthu omwewo amene mayiwa anawachapira matewera a ana awo kuchipatala! Zinawawa, tisabise.

Koma Mayi Lucinda si munthu wolira kawiri. Anakwera njinga kupita kunyumba za ogwira ntchito pachipatala, n'kuima pabwalo.

"Inu amene mwaweruka, tulukani! Kuli thobwa ndowa ziwiri. Poti mudzi wonse ukutiopa, tikamwe tokha."

Anapita atatu: mzamba Anabela, mlonda Silasi, ndi a shefi omwe, atavala nsapato zonyezimira. Aliyense anatenga mzere wake patali ndi mnzake. A Alfredo anapalira ndi mtima wonse, n'kuzula maungu onse a mumzere mwawo poyesa ndi udzu. Anabela, amene anali atatha mwezi osaonetsa dzino, anaseka mpaka anakhala pansi m'matope. Mayi Lucinda anayambitsa nyimbo, ndipo anaikweza dala kuti kumudzi amve.

Pofika masana anali atapalira theka lokha, ndipo mphamvu za anthu a jakisoni zinali zitathera pomwepo. Theka linalo linkafunabe makasu enieni.

Ndipamene Beatriz anaoneka panjira, khasu lili paphewa, akuyang'ana pansi.

"Amayi, kodi thobwa latsalako?"

Mayi Lucinda sanasiye kupalira.

"Latsala. Koma mudziwiretu, chikho chake ndatsuka ndi manja omwewa, ochapa nsalu za odwala. Mukamwa, mzere wanu ndi uwo."

Beatriz anayandikira. Kenaka anatsitsa khasu, n'kulandira chikho ndi manja awiri.