A Dobrivoje ndi Ngolo Yawo Yosefera Oilo

Chaka chomwe a Dobrivoje Resavac anakanirira pakamwa pa thanki, mimba yawo inali itayamba kale kutsogola akamayenda, kungoti eni ake anali asanavomereze. Tsikulo anakhuthula oilo yense m'thanki ya makina aakulu opinda zitsulo, n'kulowetsa mutu ndi mapewa pa kabowo ka pamwamba kuti aone ngati pansi patsala zinyalala. Kulowa analowa bwinobwino. Potuluka, thanki inakana. Anzawo anangopeza miyendo iwiri ikupalasa m'mwamba, mawu akumveka ngati a munthu wolankhulira m'chitsime.

Miladin, yemwe amayendetsa makinawo, anathamangira chitini cha girisi kuti awapake m'chiuno aterere. A Dobrivoje atamva kulira kwa chitini anafunsa ali m'katimo kuti ndi chitini chiti. Atauzidwa kuti ndi chija chokhala pawindo chosavindikira, anati kuli bwino afere momwemo. Anthu anadikira mpaka wina atatsegula chitini chatsopano, atasamba m'manja, atayala nsalu yoyera kuzungulira bowolo, ndiye n'kuyamba kukoka. Choyamba kutuluka chinali thalauza. Mwini wake anatsatira pambuyo, azimayi onse opaka utoto ataima pakhomo. Mukuganiza kuti anathamangira thalauzalo? Anayamba apempha tochi, n'kuunika m'thanki ngati simunagwere kanthu.

Ndiwo a Dobrivoje amenewo. Anabadwira kumudzi, kumtunda kwa mtsinje wa Morava, kwa bambo wolima mapulamu, ndipo analowa m'fakitale yathu ya mbaula dziko likadali Yugoslavia. Dziko linasweka, fakitale inasintha eni, chikwangwani cha pachipata chinapentedwa n'kupentedwanso, koma ntchito yawo inakhala yomweyo: kuthira oilo ndi girisi m'makina. Anthu amaiyesa ntchito yoti aliyense wokhala ndi manja angaigwire, ndipo mpamene pamayambira mavuto awo onse.

Chiphunzitso chawo ndi chimodzi, ndipo m'tauni muno palibe amene sanachimve: makina safa ndi ukalamba, amafa ndi litsiro. Fumbi loopsa si lija mumaliona, koma lija losaoneka, lomwe limayenda ndi oilo n'kumakhula chitsulo pang'onopang'ono mpaka pampu itayamba kubuula. Madzi ndiye mfiti yeniyeni. Akangolowa pang'ono, oilo amachita mbuu ngati khofi wa mkaka, dzimbiri n'kumanga nyumba m'kati. N'chifukwa chake oilo wamtundu uliwonse ali ndi fanelo yake yokhala ndi mtundu wakewake, ndipo fanelo iliyonse imagona m'jumbo lomanga pakamwa. Ngakhale mgolo wongofika kumene samaukhulupirira. Amati chatsopano si choyera, mgolowo wayenda m'misewu ingati?

Tsono Mulungu anawapatsa Miladin. Mnyamata ayi, ndi bambo wa imvi zake, koma amatha kudula botolo la mowa n'kuliyesa fanelo, kupukuta choyezera oilo pa thalauza, kudyera buledi ndi soseji pamwamba pa thanki yotsegula. A Dobrivoje akamupeza sakalipa. Amangovula magalasi, kuyang'ana kudenga, n'kupuma mpweya wautali ngati munthu amene akufunsa Mulungu kuti analakwanji. Miladin amati kukalipa kukanakhalako bwino.

Kunyumba nakonso mayi Leposava, akazi awo, ali ndi zawo zonena. Akuti ndi mkazi uti m'Serbia yense amene amapeza mwamuna wake akusefa mafuta ophikira ongogula kusitolo? Kapena kuunika msuzi pawindo asanamwe?

Chuma chawo chachikulu chinali ngolo yosefera: kangolo ka matayala awiri, ka pampu, mapaipi awiri ndi sefa yoti ngakhale fumbi losaoneka lija silidutsa. Anaipempha kwa mabwana zaka zambirimbiri, bwana aliyense watsopano n'kumayambiranso naye nkhani. Itabwera anaifunditsa nsalu ya pabedi yomwe mayi Leposava akuifunabe mpaka lero, n'kuitsekera m'kachipinda kawo.

Nkhani inavuta chaka chomwe Tijana, mwana wawo yekhayo, amakwatiwa. Kwathu kuno ukwati suchitika popanda akumu, munthu amene banja lake limaimira banja lanu pa maukwati ndi pa ubatizo kuyambira kwa makolo. Akuluakulu amati kumwamba Mulungu, pansi pano akumu. Samakanizidwa kanthu, ndipo mabanja awiriwo amatchulana akumu mbali zonse ziwiri. Akumu a a Dobrivoje anali a Radisav, munthu wamtali, wa ndevu zachikasu ndi fodya, amene ananyamula Tijana pa ubatizo. Chaka cha ubatizocho a Radisav anatcheza rakiya, kachasu wa mapulamu awo, n'kumutsekera mu mbiya ya thabwa kuti adzatsegulidwe pa ukwati wa mwanayo. Anamusunga nthawi yonseyi, m'zaka za njala ndi za maliro, osalawako, kapena tinene kuti osalawako kwambiri.

Ukwati utayandikira anaona kuti rakiyayo ndi waukali woti angagwetse alendo wansembe asanadalitse chakudya. Anamusungunula ndi madzi a pachitsime chawo. Kutacha anapeza yense wachita mbuu ngati madzi otsukira mpunga. A Radisav sanadandaule nthawi yaitali. Nanga si akumu awo a Dobrivoje ali ndi makina osefera kufakitale? Anangowauza pokumana pamsika kuti Lachisanu abwere nayo ngolo ija, Lolemba ibwerera isanasowedwe.

A Dobrivoje sanayerekeze kukana. Anati aona. Lachisanu litafika anati tayala laphwa. Lachisanu linalo anati mlonda wa pachipata ndi watsopano, wovuta. Kenako anayamba kuzungulira njira ya kuseri kwa tchalitchi kuti asadutse pakhomo pa akumu awo. Koma tauni yathu ndi yaing'ono, munthu sungabisale mpaka kalekale.

A Radisav anawapezera kunyumba, Loweruka lina azimayi a mumsewu wonse atasonkhana pabwalo kuwotcha ndi kusenda tsabola wofiira wosungira nyengo yozizira. Analipo ndi mayi Zagorka, aneba a kuseri kwa mpanda, mayi wamasiye amene sanaphunzire kunong'ona. Mlendo analandira khofi, anayamikira tsabola, kenako n'kufunsa mokweza kuti tayala lija lachira kodi.

"Akumu," anatero a Dobrivoje, "nyumba iyi tengani. Mkazi uyu, mukafuna, tikambirana. Koma ngolo ija ayi."

"Ine ndafuna mkazi wanu? Ndili naye wanga wondikwana. Ndikuti pampu."

"Mapaipi aja anamwa oilo. Alendo adzanunkha ngati thalakitala. Ndipo mukabweza, madzi ndi mowa wanuwo zidzalowa m'makina anga."

"Tidzatsuka. Sopo ndili naye."

Apa mpamene a Dobrivoje anataya ukwati wa mwana wawo. Anavula magalasi, kuyang'ana kumwamba, n'kunena pamaso pa azimayi onse kuti munthu amene amatsuka mabotolo m'chidebe chomwera nkhumba asatchule mawu oti kutsuka pakhomo pawo. A Radisav anaika kapu ya khofi pansi asanamalize, chomwe kwathu kuno chimaposa kutukwana, n'kutuluka osatsanzika.

Mawa lake uthenga unabwera kudzera mwa akazi a a Radisav kuti amuna awo msana wawagwira, sangathe kudzaima m'tchalitchi nthawi yaitali choncho, a Resavac afune wina. Kufuna wina! Ukwati woimiridwa ndi kumu wobwereka anthu amaukamba mpaka adzukulu. Akuchimuna anayamba kufunsa mwaulemu kuti banja limeneli lili ndi vuto lanji. Tijana sanalire pamaso pa bambo ake, anangosiya kuwapatsa moni wa m'mawa. Mayi Leposava ndiye analankhula, m'khitchini, m'chipinda, pabwalo, ndi pa zenera la bafa. Anati fakitaleyo tsiku lina idzawapatsa wotchi n'kuwaiwala, koma mwanayu ndi amene adzawatembenuze pabedi akadzakalamba.

Miladin amalumbira kuti Lachisanu lotsatira anawaona a Dobrivoje atavundukula ngolo ija n'kuikankha mpaka pakhomo la kachipinda. Akuti anaima pamenepo nthawi yaitali, uku akuyang'ana chipata, uku akuyang'ana makina aakulu aja akutsika ndi kukwera mwakachetechete, oilo wake ali mbee pa kagalasi. Kenako anaibweza, anaifunditsa, n'kutukwana motsitsa mawu, koyamba m'moyo wawo wa pantchito.

Madzulo ake anafika kwa a Radisav atanyamula fanelo yagalasi yatsopano, thonje la kufamase, mapepala osefera ndi paipi yoti sinagwirepo ntchito. Kupepesa sanapepese, sadziwa. Anangoti msana wa akumu sufunika kunyamula zolemera, abwera kudzathandiza. A Radisav anali atalumbira kuti sawalankhulanso, koma sanawathamangitse, poti kumu sapitikitsidwa pakhomo.

Akanadziwa akanawapitikitsa. A Dobrivoje anakana mabotolo onse a m'nyumbamo mpaka atawiritsidwa. Anakana chidebe. Anakana nsanza ya pamsomali, anaigwira ndi zala ziwiri ngati khoswe wakufa. Analamula kuti rakiya ayambe wazizira kuchipinda cha pansi, nkhuku zitsekeredwe, zenera litsekedwe, ndipo fodya asayandikire. Mwini nyumba ankasutira panja, pakhomo pake pomwe, ngati mlendo. Ndiye kusefako, abale: dontho, dontho, dontho. Madzulo aliwonse akaweruka ankabwera n'kukhala pa kampando, akulalikira za fumbi losaoneka kwa munthu amene analumbira kuti sawalankhula, choncho sakanatha n'kuwauza kuti atseke pakamwa. Akazi a a Radisav atabweretsa makeke, anauzidwa kuti nyenyeswa zimauluka. Botolo lina litadzaza, a Dobrivoje analiunika pa nyale, n'kuona kaubweya kamodzi, n'kulibwezera lonse mu fanelo.

Pamenepo mpamene a Radisav anatsegula pakamwa.

"Akumu, ndidzaima. Makandulo ndidzagwira, mphete ndidzasintha, ndi kuvina ndidzavina. Koma tengani fanelo yanuyo muzipita, ndikupempha m'dzina la Mulungu."

"Kwatsala mabotolo angapo."

"Ndimwa ndekha ali mbuu choncho."

Ukwati unachitika, msana wa a Radisav uli chilili ngati mtengo wa magetsi. Rakiya anatuluka wonyezimira ngati uchi, ndipo alendo anamwa mpaka ena kuiwala majekete. Tijana anavina ndi bambo ake, ngakhale amene anali pafupi akuti iwo maso anali pa woperekera zakumwa wina amene ankapukuta matambula ndi nsalu ya paphewa.

Patapita masiku, a Dobrivoje ataima pa mpanda, anayamba kufotokozera mayi Zagorka kuti choonadi chimapambana nthawi zonse, kuti akumu awo anazindikira okha kufunika kwa ukhondo, n'chifukwa chake anawakhululukira. Mayi Zagorka sanasiye n'kuyanika komwe zovala zawo.

"A Dobri, musadzinamize. A Radisav sanakukhululukireni, anangotopa nanu. Tonsefe mumsewu muno timakhala nanu choncho."