Chitsulo cha m'ntchafu mwa bambo

Ndinali ndi zaka zisanu ndi zinayi pamene bambo anatuluka m'chipatala ali ndi chitsulo m'ntchafu. Anali atagwa pathirakitala kuesiteti ya labala kumene ankacheka mitengo kuti ituluke utomoni. Kwathu n'ku Mulanje, ndipo kumeneko kufupi ndi Chintheche tinali obwera.

Ine nkhani ya chitsuloyo sinandikhutiritse. Misomali ya mabwato kunyanja ndinkaiona itafiira ndi dzimbiri, khasu la amayi chimodzimodzi. Nanga chitsulo chingakhale bwanji m'thupi, monyowa chonchija, osachita dzimbiri? Amayi ena oyandikana nafe ankanong'onanso kuti mvula ikadzayamba, mphezi idzawalondola bambo.

Tsiku lina masana bambo ali mtulo pamphasa, ndinatenga maginito a sipika ya wailesi yakufa n'kuwayendetsa pachipsera chawo. Sanamate. Ndinayesa pampeni, anamata. Ndinabwerezanso pantchafu, anangogwa pansi.

Madzulo ake ndinauza anzanga kumjigo kuti m'mwendo mwa bambo mulibe chitsulo chilichonse. Pasanathe sabata, anzawo akuntchito anali akunena kuti bambo akunamizira pofuna kupitiriza ntchito yopepuka imene anapatsidwa. Kapitawo anawaitana, ndipo bambo anachita kunyamula chithunzi cha mafupa awo kukamuonetsa.

Bambo sanandimenye. Tsiku lokaonedwanso kuchipatala ananditenga, n'kundilamula kuti ndiwauze ndekha adokotala zimene ndinachita. Ndinafotokoza zonse, maso ali pansi.

Adokotalawo sanaseke. Anati madokotala akale ankalumikizadi mafupa ndi zitsulo wamba, ena anayesa ngakhale minyanga ya njovu, koma zitsulozo zinkadyeka m'thupi, mabala n'kumatukusira. Panapita zaka zambiri asanapeze chitsulo chosakaniza mwapadera chimene thupi silikangana nacho, chosachita dzimbiri, chimenenso maginito sachikoka.

"Funso lako linali labwino," anatero. "Koma unakafunsa kwa ndani?"

Pobwerera bambo ankatsimphina patsogolo panga. Tili pafupi kufika anangoti, "Mwana wanga, anthu aja akhulupirira iwe msanga kusiyana ndi chithunzi."

Ankanena zoona. Ena anapitiriza kuwayang'ana cham'mbali mpaka pamene tinasamuka. Lero ndikudziwa kuti kukayika kwanga kunalibe mlandu. Mlandu unali kulengeza zimene ndinangozidziwa theka, mwini mwendo ali pomwepo, ine osamufunsa.