Lachitatu la a Kotala

Dziko lathuli ndi laling'ono. Basi ikanyamuka m'mawa kumalire a uku, dzuwa lisanalowe imakhala itafika kumalire enawo. Koma muli zilankhulo zisanu, ndipo wofuna kudziwa chachikulu ndi chaching'ono asavutike n'kufunsa aphunzitsi. Angobwera kuwailesi kumene ndimagwira ntchito adzaone ndandanda wa mapulogalamu kuseri kwa chitseko cha situdiyo. Chizungu chimatenga m'mawa ndi madzulo, nthawi imene mabwana ali m'magalimoto. Chilankhulo cha pamsika, chimene tonse timagulira ndi kutukanirana, chimadzaza tsiku lonse. Ziwiri zapakati zili ndi ola limodzilimodzi patsiku. Cha kumapiri chili ndi mphindi khumi ndi zisanu, Lachitatu lokha, kotala pasiti thuu masana, anthu ali pantchito.

Wowerenga nkhani pa mphindi zimenezo tinkangowatcha a Kotala. Ine ntchito yanga ndi ya mabatani. Ndimakhala kuseri kwa galasi, kukweza mawu, kutsitsa mawu, kuyatsa nyali yofiira. Ndinawayatsira nyaliyo zaka khumi ndi zisanu ndi zinayi, ndipo m'zaka zonsezo ndinatolapo moni wawo basi. Sindikunyadira, ndikungonena.

Ntchito yawo yeniyeni inali ya ukalaliki m'chipinda chosungira nyimbo, kachipinda kopanda zenera konunkha makatoni akale. Anabwera m'tauni ali mnyamata, anakwatira mayi wa konkuno, ndipo ana awo anayi anakula ndi chilankhulo cha pamsika. Cha bambo awo ankadziwapo mawu okalipira ndi oitanira ku chakudya. A Kotala ankanena zimenezi moseka, koma kuseka kwake kunali kwa munthu woponda minga.

Lachitatu ankavala tayi. Ankabwera ndi botolo la madzi ofunda ndi mapepala awiri: lina la nkhani zimene amasulira m'chilankhulo chawo, lina la nkhani zomwezo atazibwezeranso m'Chizungu kuti abwana a mapulogalamu aone kuti sanatukane boma. Abwanawo sankamva ngakhale liwu limodzi la kumapiri, koma ankadinda chidindo pamapepala onse awiri, nthawi zina pepala lili chadodolido. Mabwana anasintha kasanu ndi kawiri, chidindo chili chomwecho.

Tsiku lina ndinawafunsa chimene sankapitira kutchuthi ngati anthu ena. Ngakhale maliro a m'bale wawo anapita Lachinayi n'kubwerako Lachiwiri.

"Achemwali, inu munabwera mochedwa," anatero. "Pandandanda paja panali zilankhulo zisanu ndi chimodzi. Mnzanga wowerenga cha kuchigwa anadwala milungu itatu, wa mabatani anakanena kuti nthawi ikungopita pachabe, anaikapo nyimbo. Mpaka lero ndi nyimbo. Buku la ana a sukulu limati dziko lino lili ndi zilankhulo zisanu, ndipo analiwerengera pachitseko pomwepa. Chochoka pamenepa sichibwerera."

Ndiye nkhawa yawo yonse inali mzere umodzi wa papepala. Ine ndinkaona ngati misala, koma misala yosavutitsa munthu.

Zaka zitatu zapitazo mphenzi inawomba mlongoti umene umaponya mawu athu kumapiri. Anandiuza ndi amisiri, tili pamzere wa tiyi. Analemba kalata yopempha zipangizo, kalatayo inalowa m'kabati, ndipo ili momwemo. Akumapiri sanadandaule, kapena anadandaula m'chilankhulo chimene palibe wochimva kuno. Paja amati wamva m'mimba ndiye atsekula chitseko, koma chitseko chathu chimatsekulidwa ndi kalata ya m'Chizungu.

Sindinawauze a Kotala. Ndinkati ndiwauza mlungu wamawa. Lachitatu likafika, ndinkawaona akukonza tayi pagalasi langa, akumwa madzi awo, akutsokomola kawiri, ndipo ndinkangotembenukira ku mabatani anga. Ndinkayatsa nyali, iwo n'kupereka moni kwa anthu amene sakuwamva. Ndinkatopa nazo, ndinkakwiya nazo, ndipo pena ndinkawakwiyira iwo omwe chifukwa chowerenga mosamala choncho, ngati kuti wina akalakwitsa dzina la mudzi adzawalembera kalata.

Chaka chino zaka zawo zopumira pantchito zinakwana. Anayamba kusaka wowalowa m'malo. Anapeza mtsikana wa kukoleji wa kwawo, koma iye anati akufuna kuwerenga za Chizungu, za kumapiri anzake angamuseke. Anapeza mlonda wa pabanki wolankhula bwino zedi, koma analibe satifiketi, ndipo wailesi siilemba munthu wopanda satifiketi. Anayesa mwana wawo wamkulu Loweruka lina. Mwanayo anawerenga mizere iwiri, bambo ake n'kumulanda pepala mwaulemu. Abwana atsopano, mnyamata wa mafoni awiri, anangoti, "Tiona, bambo," osadzutsa mutu.

Lachitatu lomaliza a Kotala anawerenga monga mwa masiku onse. Nditazimitsa nyali sanadzuke msanga. Ndinalowa m'situdiyo kukachotsa cholankhulira, ndipo mawu aja anangotuluka okha.

"Bambo, ndili ndi mlandu ndi inu. Mlongoti wa kwanu unafa kalekale. Zaka zitatu izi kwanu sakukumvani. Ndinkadziwa, koma sindinakutsineni khutu."

Anapinda mapepala awo bwinobwino.

"Mlongo wanga anandiimbira mlungu womwewo," anatero. "Anati achimwene, mwachotsedwa ntchito? Wailesi ikungolira ngati mafuta pamoto."

"Ndiye mumadziwa?"

"Nanga ndikanatani? Ndikanapita kukadandaula, abwana akanati zikomo potikumbutsa, ndiye mphindizo zikungowonongeka. Bola nyali iziyaka, achemwali. Mlongoti amakonza. Mzere ukafufutidwa, palibe mmisiri wake."

Ndinakhala pampando wa alendo. Ndinachita manyazi, komanso ndinapsa mtima kuti zaka zitatu tonse awiri tinkabisirana chinthu chimodzi, wina mbali iyi ya galasi, wina mbali inayo.

Kenako anaweramira pansi pa tebulo n'kutulutsa katoni. Munali madisiki, lililonse lolembedwa tsiku lake ndi dzanja lawo la ukalaliki. Kuyambira pamene mlongoti unafa, ankajambula pulogalamu iliyonse n'kusunga.

"Sindikukukakamizani," anatero. "Ntchito ndi yanu, ana ndi anu. Koma ndandanda amangoujambula chaka ndi chaka, palibe amauwerenga. Wokanena kuti mpando uli wopanda munthu ndi wa mabatani. Nthawi ija anali wa mabatani."

"Akandigwira?"

"Akugwirani ndani? Ayambe waphunzira chilankhulocho."

Tinaseka pang'ono. Anavula tayi, anaiika m'thumba la jekete, anatenga botolo lawo. Lachisanu tinawatsanzika ndi zakumwa zoziziritsa kukhosi, abwana analankhula m'Chizungu mphindi makumi awiri, ndipo dzina la pulogalamu yawo analiiwala.

Papita miyezi isanu. Lachitatu lililonse kotala pasiti thuu ndimatseka chitseko, ndimaika disiki, ndimayatsa nyali yofiira ngakhale mpando uli wopanda munthu. Dziko limamva za mlatho umene nduna inatsegula zaka zitatu zapitazo, ndi chenjezo la mvula imene inagwa n'kuuma kalekale. Palibe wafunsapo. Poyamba ndinkacheukira kuchitseko ndikamva mapazi pakhonde, pano ndinaleka. Kusagwidwako n'kumene kumandiwawa, chifukwa kukutanthauza kuti m'nyumba yonse ino mulibe khutu limodzi lotchera.

Ndawerenga madisiki otsala. Andifikitsa zaka ziwiri ndi theka, ndipo akatha ndidzayambiranso loyamba. Kalata ya amisiri ikadali m'kabati.

A Kotala anabwerera kwawo kumapiri, kumene wailesi yathu siifika, moti sadziwa ngati ndinasunga katoni ija kapena ndinaitaya. Sanaimbe kufunsa. Mawu awo akayamba ndi moni uja, ndimatsitsa batani langa kuti ndisamveke kunja, ndipo ndimawayankha, poti m'tauni yonse ino woyankha ndatsala ine.