Tamarack ya a Merle Iwoloka Msewu

A Merle Haugland analowa ntchito pa fakitale yathu ya zitsulo kuno ku Duluth mu 1991, sabata lomwelo limene kompyuta ya Tamarack 40 inafika, moti anthu ankati awiriwa anatsika m'lole imodzi. Ife timaumba zivundikiro za ngalande za m'misewu, zolemera zija mumaponda osaziganizira. Ine ndimajambula mapulani ake, ndipo ndakhala moyang'anizana ndi a Merle nthawi yaitali kuposa imene ndinakhala ndi mwamuna wanga woyamba.

Ana a lero sadziwa kuti Tamarack chinali chiyani. Sinali kompyuta ya pakhomo ayi, inali ya akatswiri ojambula milatho ndi ndege, ndipo mtengo wake unkalingana ndi wa nyumba. Bokosi lake linali ngati firiji yaing'ono. Sikirini yake inkafuna amuna awiri odya bwino kuti ainyamule. Mausi yake, ya mabatani atatu, inkayenda pa kambale kake kachitsulo ka mizeremizere basi, ndipo ukapendeketsa kambaleko inkadzandira ngati yalawa. Kampani yake inamveka mbiri zaka khumi, kenako makompyuta wamba anatsika mtengo n'kuipitirira liwiro, ndipo mu 1997 inatseka. Mafakitale ena anataya ma Tamarack awo. A Merle ankakawatola, n'kudzaza galaja ndi mafani ndi makiyibodi mpaka galimoto ya akazi awo inkagona panja pa chisanu.

Yathu sitikanaitaya. Mapulani onse a fakitale, oposa zikwi zinayi, anali m'mimba mwake, m'pulogalamu yomwe sinkavomera kompyuta ina iliyonse. Ikafa, fakitale yafa. Ndipo panali lamulo limodzi: isazimitsidwe. A Merle ankati disiki yake, mosungira mapulaniwo, inakalamba, mafuta anauma, ikamazungulira ili bwino, koma ikangoima n'kuzizira siidzadzukanso. Choncho inakhala ikulira zaka zoposa makumi awiri usana ndi usiku, ili ndi chibatire chake chachikulu pambali choti chiziigwira magetsi akathima. Pa soketi yake a Merle anamatapo tepi ndi chikalata choopseza. Osesa atatu anasiya ntchito chifukwa cha kukalipiridwa. Ine ndikafuna pulani ndinkaima kumbuyo kwa a Merle ngati wopempha ufa, iwo akudina mabatani mosafulumira. Kunena zoona ankanditopetsa.

Ndiye mu Januwale 2016 a Gretchen Sorvari, omwe anatenga fakitale kwa bambo awo, analengeza kuti maofesi asamukira m'nyumba yatsopano tsidya la msewu. A Merle anati palibe vuto, Tamarack iwoloka ili maso.

Anakonzekera masabata atatu. Batire linkatha kugwira mphindi khumi ndi zinayi, ndiye anayeza makomo onse, anawerenga mapazi, anamanga timilatho ta matabwa pa masitepe. Ngolo yonyamulira kompyutayo anaiyala matiresi, popeza disiki yozungulira siifuna kugwedezeka. Poyeserera ankakweza pangolopo Duane Pelkey, chimunthu cha ku ng'anjo cholemera ngati kompyutayo, atagwira kapu ya khofi yodzaza ndendende. Dontho likangotayika ankabwerera kukayambiranso. Duane anawoloka msewu umenewo kakhumi ndi kawiri, akugwedezera mutu anthu odutsa ngati mkwatibwi.

Loweruka m'mawa a Merle anawaza mchenga pa madzi oundana mumsewu, anazula pulagi pakhoma, batire n'kuyamba kulira pii, pii. Tinanyamuka. Ine ndinali patsogolo ndi kambendera kofiira kuimitsa magalimoto, Duane akukankha, a Merle akuyenda chafutambuyo khutu lili pa bokosi. Kamba akanatipitirira.

"Achimwene," anatero Duane, "pa maliro a agogo anga tinayenda mwachangu kuposa apa."

"Agogo ako analibe disiki. Kankha, tseka pakamwa."

Tinalowa m'ofesi yatsopano patatha mphindi khumi ndi imodzi, ndipo a Sorvari anaomba m'manja. A Merle anatenga chingwe cha batire, anagwada pakhoma, koma pulagi inakana kulowa. Pulagi ya batirelo inali yachikale, yozungulira, yolowetsa n'kupotoza. Masoketi a nyumba yatsopanoyo anali wamba onse. Munthu anayeza khomo lililonse ndi sitepe iliyonse, koma pakhoma sanayang'anepo, chifukwa kwa zaka zoposa makumi awiri sanazulepo pulagi imeneyo ndipo anaiwala nkhope yake.

Duane anathamangira pulayazi. Ine ndinazungulira chipinda ndikusuzumira soketi iliyonse ngati ina isintha maganizo. Batire linalira mofulumira, pipipipi, kenako zii. Sindinkadziwa kuti phokoso la fani lija linandilowa m'mutu chotero. Bata lake linandichititsa mantha.

Duane anadula pulagi n'kulumikiza ina, koma mphindi khumi zinali zitapita, ndiponso m'chipindamo munali mozizira. Atayatsa, mafani anazungulira, timagetsi tinayaka, koma disiki inangoti tiki, tiki. A Merle anayamba mankhwala onse a anthu a ntchito yawo. Anaichotsa disikiyo n'kuipotoza m'malere mwadzidzidzi. Anaiomba mbama m'mbali. Anaiwotha ndi makina oumitsira tsitsi omwe a Sorvari anakatenga kwawo. Pomaliza anaifungatira m'jekete theka la ola, Duane akufunsa ngati iswa anapiye. Sinadzuke.

Apo nthabwala zinatha. A Sorvari anakhala pa katoni n'kunena motsitsa kuti mzinda wina ukudikira zivundikiro mazana atatu pofika Malichi, ndipo popanda mapulani Lolemba auza anthu a ku ng'anjo kuti azikhala kunyumba. Duane ali ndi ana anayi. Anavula chipewa n'kumachiyang'ana.

A Merle anaika disiki ija patebulo bwinobwino.

"Mapulani alipo, Gretchen."

"Ali kuti?"

Anandiloza ine. Anati onse ali m'kompyuta yanga yomwe, m'kafoda kotchedwa "za misonkho 2009", komwe ankadziwa kuti sindingatsegule ngakhale atandilipira. Anawasamutsa okha, imodziimodzi, pa nthawi ya chakudya chamasana ine ndikatuluka, ndipo ntchitoyo inawatengera zaka zitatu. Atsopano ankawonjezeramo Lachisanu lililonse.

Ndinapsa mtima moti makutu anatentha. Zaka zonsezo ndinkaima kumbuyo kwa munthu ameneyu kupempha zinthu zomwe zinali patebulo panga! Duane anaseka mpaka kutsokomola, akuti ndiye iye anakwera ngolo kakhumi ndi kawiri pachabe. A Sorvari okha sanaseke. Anafunsa chifukwa chimene sanawauzire.

"Mukanaitaya sabata lomwelo," anatero a Merle. "Ndiye nkhalamba yodziwa Tamarack yokha mukanaiika pati?"

A Sorvari anatsegula pakamwa kuti atsutse. Koma ndi munthu wosatha kunama, ndiye anatsekanso.

Lamulungu lonse ndinakhala ndikunola mawu oti ndikawalase nawo. Lolemba ndinawapeza afika kale, atakhala pa tebulo latsopano lopanda kanthu, manja ali pa mawondo, jekete osavula. Chisoni chinandigwira ndipo mawu aja anathawa onse. Ndinawauza kuti mafoda awo andisokoneza, sindikupezamo chilichonse, akokere mpando kuno andionetse. Mapulaniwo anali osanjidwa bwino moti ndinali nditapeza kale onse amene ndinkafuna. Anakokera mpandowo, ndipo anandiphunzitsa mpaka masana.