Kumbuyo kwa Maikolofoni ya Amalume

Maikolofoni ija inkakhala mu sokosi ya ubweya, itaimikidwa chilili m'kabati. Amalume anabwera nayo kuchokera ku Joni chaka chimene boma linatumiza amayi kukagwira ntchito ku Mhuju, kumpoto kumene amalankhula Chitumbuka, ife kwathu kuli ku Dedza. Ankati m'kati mwake muli kaliboni kachitsulo, kopyapyala kuposa khoko la anyezi. "Ukangouzira mpweya, kaduka. Kakaduka, iwenso ndikudula makutu."

Situdiyo yawo inali kachipinda kuseri kwa golosale: matiresi akale m'makoma, mathireyi a mazira kudenga, kompyuta yoyendera batire ya sola, ndi fungo la sopo lodutsa pansi pa chitseko.

M'nyengo yozizira ya chaka chimenecho kwaya ya kusukulu kwathu inkakonzekera kujambula nyimbo. Mawu anga anali aakulu ndi osasa ngati a mnyamata, ndipo Chitumbuka changa chinkatsimphina. Aphunzitsi oimbitsa ankatsinzina ndikangotsegula pakamwa. "Iwe wa ku Dedza, uzingogwedeza milomo. Usaononge nyimbo ya eni ake." Lero ndine mayi wa ana akuluakulu, koma mawu amenewo ndimawakumbukabe. Mwana simumuuza zotere, ayi ndithu.

Nyimboyo ndinkaidziwa bwino lomwe. Ndinkaiimba potunga madzi, potsuka mbale, mpaka amayi ankati, "Tatipumitsa, mwana iwe!" Ndinkafuna chinthu chimodzi basi, kuti mawu anga amveke pa chimbale chimenecho.

Tsiku lojambula tinadzazana m'kachipindako, mukununkha thukuta ndi mafuta odzola. Aphunzitsi anandikoka dzanja n'kukandiimika cham'mbali mwa maikolofoni, pafupi ndi chitseko. Ndinayang'ana amalume kuti andilankhulire. Iwo osandiyang'ana n'komwe anati, "Pamenepo ayi, aphunzitsi. Ameneyu akaime kumbuyo kwake, yekha."

"Yewo chomene," anathokoza aphunzitsi m'Chitumbuka, akumwetulira.

Anzanga anaseka. Ndinakaima pakati pa khoma ndi msana wa maikolofoni, ndikuyang'anizana ndi kwaya yonse, misozi ili lengelenge. Amalume anga enieni, mlongo wawo wa amayi!

Aphunzitsi atakweza dzanja, ndinati zivute zitani, milomo yokha sindigwedeza. Ndinaimba. Ananditunzulira maso, ine ndinawatunzuliranso, ndikuimbabe, ndime zonse mpaka kumapeto. Kuimitsa sakanatha, pakuti amalume anali atachenjeza kuti batire yatsala pang'ono.

Titamaliza, amalume anatiikira zimene anajambula kuti timve. Mawu anga anali pamwamba pa onse, osasa momwemo, koma ofunda, ndipo sanaphonye ngakhale penapake.

"Mumuchotsemo mwana uyo," anatero aphunzitsi.

"Sizitheka," anayankha amalume, akubwezera maikolofoni mu sokosi. "Maikolofoni ndi imodzi, nonse mwalowera pamodzi. Batire yobwerezera palibe."

Chimbalecho chinatuluka momwemo. Ndinkadzimva ndikuimba m'maminibasi pa siteji, ndipo ndinkauza aliyense kuti anandibisa kumbuyo koma ndinawagonjetsa makinawo ndi kukhosi kwangaku. Amalume ndinawakwiyira nyengo yonseyo. Moni wawo osayankha, madzi osamba osawaikira. Amayi anakalipa, anakalipanso, ine osatekeseka. Amalumewo ankangoseka n'kumati, "Musiyeni, achemwali, woimba ameneyo." Kusekako kunkandipsetsa mtima kwambiri. Mvula isanagwe anabwerera ku Joni ndi katundu wawo yense, ine kukana kwamtuwagalu kukawaperekeza. Sanabwerenso kuno amoyo.

Ndinali ndisanadziwe kuti maikolofoni ya liboni imamva kutsogolo ndi kumbuyo mofanana. Kumene siimva ndi cham'mbali kokha, pafupi ndi chitseko paja, pamene aphunzitsi anandiimika poyamba. Amalume ankadziwa zimenezo pamene ankandichotsapo.